Nkhani ya Tabita Isadikire Mvula

Ndirande, Blantyre

Amayi okondedwa,

Ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye. Kodi mukudzuka bwanji kumeneko ku Msakambewa? Nanga bondo lija likukulolani kukwera chitunda popita ku Mvano? Ife kuno tilipo. Mpongozi wanu Luckness ali bwino, ndipo mdzukulu wanu Blessed wayamba sukulu ya mkaka, moti nyumba yonse tikuimba nawo nyimbo zake ngakhale tisakufuna.

Kuno kwatentha zosasimbika. Madzi akumabwera mwa apo ndi apo, ndipo ku galaja ntchito yachepa. Koma izi si zimene ndalembera kalatayi.

Mwezi watha mnzanga wa kuntchito, Festus, mkazi wake anafunika magazi. Tinapita gulu kukapereka, ine patsogolo ngati munthu wamphamvu. Patapita masiku a kuchipatala anandiitana n'kundiuza kuti magazi anga sanawagwiritse ntchito, chifukwa muli kachilombo ka matenda a chiwindi otchedwa hepataitisi B. Amayi, ndinachita mantha. Ndinawauza kuti ine sindidwaladwala, ngakhale mutu weniweniwu. Adokotala anati ndi momwe kamakhalira: kamadya chiwindi mwakachetechete ngati anankafumbwe m'thumba la chimanga, kunja thumba lili bwinobwino.

Musadandaule msanga. Anandigoneka pabedi n'kundiika kamakina panthiti, kamene kamagogoda pang'ono ngati ukuyesa chivwende. Kamaonetsa ngati chiwindi chayamba kuuma. Akuti kale ankachita kubaya ndi singano yaitali kuti atengeko kachidutswa, koma pano sacheka paliponse. Changa chayamba kuuma pang'ono, koma achipeza nthawi yabwino. Ndikumwa m'bulu umodzi patsiku, ndipo ndalowa m'kafukufuku wawo woona mmene mankhwalawa akuthandizira anthu. Mowa andiletseratu, ndiye pamenepo mwapambana ndinu, zimene munalephera ndi chibalo adokotala akwanitsa ndi mawu awiri. Luckness ndi Blessed anawayeza, alibe. Si Edzi, ndipo sikafala podyera mbale imodzi.

Kenaka adokotala anandifunsa ngati kwathu kunakhalapo wina amene anatupa mimba, maso n'kuchita chikasu. Pomwepo m'maganizo ndinaona malemu achimwene a Moffat ali gone pamphasa paja, mimba ili ng'aa, miyendo yotupa. Tinanena zambiri nthawi ija, ena mpaka kuloza zala anzawo. Adokotala sanalumbire kuti n'zomwezo, poti sanawaone, koma anati kachilomboka kamakonda kuyenda m'banja. Ambiri amakatenga ali makanda, ena pobadwa penipeni, ena kudzera m'lumo limodzi lotemera mphini ana onse. Mayi angathe kukhala nako osadziwa, ndipo palibe amene angamuimbe mlandu. Ndalemba zimenezi kuti musakhale pakhonde n'kumadzidya mtima.

Tsopano ndifike pa pempho langa, ndipo mundikhululukire chifukwa ndikulowa m'nkhani za amayi.

Titabwera kudzamanga chiliza cha achimwene, mlongo wanga Tabita ankathawa fungo la nyama yokazinga, ndipo chitenje ankamangira m'mwamba. Nditafunsa, munandiyankha kuti ndi malungo. Ine ndinakhulupirira, mpaka ndinamugulira mankhwala a mutu ku Mponela. Tili mu basi pobwerera, Luckness anandiseka njira yonse, akuti malungo amenewo amatha ndi thewera.

Mwambo ndikuudziwa. Pakati poyamba sipatchulidwa mpaka anamkungwi atamulangiza mwini wake, ndipo timabisa kuopa maso a anthu. Ndikudziwanso kuti mlongo wamwamuna sayenera kutsegula pakamwa pa zotere. Koma paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Vuto ndi loti kwathuko mtsikana sayamba sikelo mpaka mimba itaonekera kwa aliyense, poti akangokhala pamzere wa sikelo mudzi wonse wadziwa dzuwa lisanalowe. Ena amakafika kuchipatala zowawa za kubereka zitayamba kale.

Ndinawafunsa adokotala za Tabita, osatchula dzina. Anati ayezedwe msanga. Akapezeka nako ndipo kachuluka m'magazi, pali mankhwala amene amamwa miyezi yomaliza kuti kasafike kwa mwana, ndipo mwanayo amafunika katemera tsiku lomwe wabadwa, osadikira kuti atuluke m'chikuta. Akachedwa, mwayi umenewo wapita.

Choncho ndikupemphani kuti mupite naye kusikelo mwezi uno, mvula isanadule msewu. Ngati alangizi sanabwere, aitaneni sabata yomwe ino achite zawozo, ine sindikuletsa. Ngati mukuopa maso a anthu pa chipatala chathu chaching'ono, alamu anga a Alexio, amuna ake a Tabita, ali ndi njinga yamoto, akutengeni ku Mponela ngati mukukagula mbewu. Mukafika mukatchule dzina la matendawa, mukanene kuti mlongo wake anapezeka nawo. Dzina langa musalibise, ine manyazi ndinawasiya pabedi la kamakina kaja. Inunso mukatambasule mkono akuyezeni, ndi alamuwo omwe. Iwo ndi mkamwini pakhomo panu, mukanena inu sangakane.

Mukhoza kundikalipira ndikadzabwera pa Khirisimasi, ndidzakhala pansi n'kumvetsera. Koma chiliza chimodzi chatikwana. Achimwene sitinawathandize chifukwa sitinkadziwa, ine andipeza mwangozi chifukwa cha mkazi wa mnzanga. Mwana ameneyu yekha ndi amene tadziwiratu asanabadwe.

Mundiperekere moni kwa amalume a Danieli ndi azakhali a Roza, kwa alamu anga amasiye ndi ana, ndiponso kwa a Alexio. Tabita mumuuze kuti mankhwala a mutu aja asamwe, ndipo akandikwiyira chifukwa choulula, adzandibwezere pondipatsa mwanayo kuti andinyowetsere malaya.

Tsalani bwino Amayi. Yankho limene ndikudikira si kalata, koma uthenga woti mwapita.

Ndine mwana wanu,
Lonjezo