Nyanja ya pa Mapu

Lolemba, 5 Okutobala 1992

Kwa aliyense amene zikumukhudza, ngakhale ndikudziwa kuti palibe. Ine Shamima Abiti Atumani, mlembi wa komiti yoona mapulani a zomangamanga pa khonsolo ino, mwini digiri ya jogalafe yochokera ku Zomba, imene abuluzi amaiwerenga tsiku ndi tsiku pakhoma kunyumba, ndikudandaula mwaulemu wonse kuti pensulo yanga ya buluu yasowa. Lachisanu inali m'desiki. Lero mwatsala chofufutira chokha, chamasiye. Ndikupempha kuti pakhazikitsidwe komiti yofufuza, koma isakhale yathuyi, pakuti pensuloyo ndikuifuna ndikadali moyo.

Dandaulo lalandiridwa ndi ine ndemwe. Laikidwa m'fayilo.

Kutentha. Fani inafa chaka chatha, maliro ake sitinalirebe. Pa wailesi akuti a ku Mozambique asayinirana mtendere dzulo ku Roma. Mu ofesi m'manja pang'ono, kenaka tiyi.

Pa desiki fayilo 41. Avelino, kalipentala, wothawa nkhondo wa ku Mandimba, kuseri kwa Chiponde. Anatuluka ku kampu, wamanga shedi ya matabwa ndi malata pamchenga cha kwa Mponda, pamene nyanja yathawapo ndi chilalachi. Kutsogolo kopalira matabwa, kumbuyo kogona iye, mkazi wake Rahma ndi ana awiri. A insipekitala a zomangamanga anafikako kale ndi chitini cha penti wofiira. X wamkulu pachitseko. Kalata yawo: popanda chilolezo cha komiti pofika pa 30 mwezi uno, shedi igwetsedwa, banja libwerera ku kampu.

Komiti ikumana Lachinayi.

Lachinayi, 8 Okutobala

Ndilembe momwe timagwirira ntchito, mwina zidzukulu zidzafuna kudziwa chimene chinapha agogo awo.

Mamembala asanu. Fayilo ikabwera pali njira zitatu: kuvomera, kukana, kuimitsa. Ziwiri zoyambazo ndimangozimva mbiri. Wapampando ndi Che Jaffalie, eni malole a nsomba zouma, amagamula ndi wotchi. A Bonface, ahedi opuma, malamulo a khonsolo ali pamtima ngati katekisimu. Atatu enawo amabwera kudzakweza manja, atayang'ana kaye dzanja la wapampando. Ine ndi maminitsi ndi ketulo.

Fayilo 41. Ndatambasula mapu. Mapu athu ndi a 1980, chaka chimene nyanja inadzaza mpaka kulowa m'makhitchini mwa anthu. Pa mapu amenewo malo a Avelino ndi buluu. Mamita mazana awiri kuchoka pagombe.

A Bonface aika chala pamenepo. Ati komiti singavomere nyumba m'madzi. Singakanenso, poti pamadzi ilibe mphamvu.

Ndinayamba kufotokoza kuti nyanja imakwera ndi kutsika, kuti mzere wa gombe si khoma. Zaka zinayi ku Zomba, mayeso ake ndinakhoza bwino. Che Jaffalie osandiyang'ana n'komwe: "Abiti Atumani, tiyi wazirala."

Chigamulo: malowo ndi nyanja, nkhani ipite kwa a zausodzi. Manja asanu m'mwamba. Dzanja langa lalemba lokha.

Lachiwiri, 13 Okutobala

Avelino wabwera kudzamva. Munthu wowonda, pensulo kukhutu (yofiira, ndayang'ana). Chiyao chake n'chomwechi cha kwathu, chotisiyanitsa ndi pepala basi.

Ndinamuuza adikire ndikafufuze kalata imene ndimadziwa kuti kulibe. Pobwera ndapeza wagadabuza mpando wanga, akukhoma mwendo uja wakhala ukugwedera kuyambira 1989. Za mwendo umenewu ndinalemba makalata atatu. Iye mphindi khumi. Manyazi.

Ndinamufotokozera za buluu. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anayang'ana mapazi ake, mchenga uli mbuu mpaka m'akakolo. Bola akanatukwana.

Ndinafunsa funso la chitsiru: poti mtendere wabwera, bwanji osangobwerera? "Asayina ku Roma, achemwali. Mabomba ali m'munda mwanga ku Roma sanapiteko."

Za ku kampu akuti kumeneko munthu ndi khadi. Mzere wa nyemba, mzere wa ufa, landa yake yopalira matabwa kuchita dzimbiri m'thumba. Landayo anaithawitsa kumsana, mwana ali kutsogolo.

Mpando sukugwederanso. Ndakhala tsiku lonse osaupeza bwino.

Lachisanu, 16 Okutobala

A zausodzi ayankha msanga, Mulungu awadalitse. Mizere iwiri. Apitako, nsomba kulibe, kuli mbuzi. Ndi mtunda, si nkhani yawo.

Ndathamangira nayo kwa a Bonface. Ati kalata singasinthe mapu. Mapu amasinthidwa ndi mapu.

Ndapita kwa a insipekitala, ndati popeza komiti yati ndi nyanja, X wawo uja ali pamadzi. Aseka. Ati iwo sayendera mapu, amayendera mapazi, ndipo nsapato zawo sizinanyowe.

Ndiye zili chonchi: povomereza ndi nyanja, pogwetsa ndi mtunda. Ku Zomba phunziro limeneli ndinajomba.

Kunyumba bambo amva kale, kaya kwa ndani, mwina ku mzikiti, ku mapemphero a Juma. Ati ndisamakangane ndi Che Jaffalie, poti iwowo anandinyamula ndili wa masiku asanu ndi awiri. Tauni ino aliyense anandinyamulapo. Palibe akufuna kunditsitsa.

Kalata yanga yachinayi yopempha kusamutsidwa inapita mu Ogasiti. Zii.

Buku lino likadzapezeka ndidzati ndi maminitsi. Maminitsi sawerengedwa.

Lachitatu, 21 Okutobala

Chozizwitsa. Landirova yapezeka ndi dizilo. Komiti yapita kukayendera malo, lamulo limalola. (Wapampando amafunanso kuona usipa pa dooko.)

Mchenga wootcha kudutsa nsapato. Mbuzi zija zilipodi, zisanu ndi imodzi. Madzi ali kutali, kuchita kuwaloza. Shedi yaudongo, zitseko zitatu zatsopano zotsamira khoma, bwato la msodzi lili chafufumimba kudikira phula. Rahma wadzala kamtengo ka mango pakhomo, wakatchinga ndi minga. Anatiyalira mkeka, palibe anakhalapo.

A Bonface atambasula mapu pa benchi ya Avelino yopalira. Ayenda kuchokera pa mtengo wa mgwalangwa, pomwe panali gombe la 1980, akuwerenga mapazi mokweza. Atafika pa ife anavula magalasi. "Malinga ndi mapu, komiti yamira."

Palibe anaseka. A Bonface samaseleula.

Aletsa kulemba kuti komiti inafika pamalopo, poti zingaoneke ngati tikutsutsa mapu athu omwe. Ndalemba zimene andiuza: komiti inaonera malowo patali, itaima pagombe. Ndalembera pa benchi yomweyo, fumbi la matabwa likulowa m'buku.

Che Jaffalie ati nkhondo yatha, anthuwa azipita okha, nkhani iimitsidwe mpaka msonkhano wa Novembala. Ndinati Novembala ndi pambuyo pa 30. Ati ndiye bwino, tidzapeza vuto latha lokha.

Zonsezi m'Chiyao, Rahma ali chiimire pomwepo ndi kapu ya madzi imene palibe anailandira.

Chinthu china. Mapu onse afuwa ndi dzuwa la pazenera, koma buluu wa pamenepo ngowala ngati wa dzulo. Kapena ndi maso anga.

Loweruka, 24 Okutobala

Masiku asanu ndi limodzi.

Dzulo potayipa bodza la pagombe lija ndinatsegula buku la malamulo, kufuna chotukwanira a Bonface. Ndime ya a insipekitala: ali ndi mphamvu yogwetsa chomangidwa pa nthaka. Pa nthaka. Za mabwato mulibe.

Akufuna nyanja? Tiwapatse nyanja.

Mmawa uno pa njinga mpaka kwa Mponda. Ndamuuza Avelino: shedi ichoke pansi, ikhale pa migolo yopanda kanthu, chingwe, nangula, dzina pakhoma. Komiti inagamula kale pa 8 kuti pamenepo ndi madzi. Chokhala pamadzi n'choyandama. Choyandama sichifuna pulani.

Anandiyang'ana ngati mmene ndimawayang'anira a Bonface. Ndiye ndafika pamenepo.

Kenaka anatsitsa pensulo kukhutu, kuyamba kuyeza. Migolo isanu ndi itatu, mitanda inayi. Asodzi amene amawamatira mabwato amuthandiza kunyamula.

Rahma anangofunsa ngati kamango kaja nakonso kakwere pa mgolo. Ndime yake ya mitengo sindinaiwerenge.

Lachiwiri, 27 Okutobala

Kalata yopita kwa a insipekitala. Yonena kuti malinga ndi chigamulo cha komiti, malo a fayilo 41 ndi gawo la nyanja, ndipo chili pamenepo n'chombo. Pamafunika siginecha ya membala ndi ya wodziwa za malo wotsimikiza.

A Bonface asayina mosangalala. Ati mwanayu tsopano wakhwima, wayamba kulemekeza mapu. Che Jaffalie asayina osawerenga, lole imawadikira.

Wodziwa za malo ndine. Ndasayina kuti mchenga ndi madzi. Dzina lonse, ndi zilembo za digiri kumapeto, poti amatero. Aphunzitsi anga a ku Zomba akadzaiona, ndidzati linali dzina la mnzanga.

Sindinadye masana. Si chisoni. Kutentha.

Lachisanu, 30 Okutobala

Ndinapita kwa Mponda ndekha, kunama kuti ndikupita ku positi.

Shedi ili m'mwamba, pa migolo, kufika m'chiuno mwa munthu. Kamakwerero ka masitepe atatu. Chingwe chachikulu, kumapeto kwake mwala wa nangula wokwiriridwa mumchenga. X uja akadali pachitseko, pamwamba pake alemba MANDIMBA ndi penti woyera. Asodzi ngati khumi akhala pamthunzi, ati akusoka ukonde. Ukonde wake umodzi, wopanda chibowo.

A insipekitala ndi anthu anayi, nyundo ndi zitsulo. Awerenga kalata kawiri. Azungulira. Asuzumira kunsi, nkhuku ya Rahma ikufungatira mazira pamenepo. Afunsa kuti nanga madzi ake ali kuti. Avelino waloza pa kalata, pomwe pali dzina langa.

A insipekitala anandiyang'ana nthawi yaitali. Ati pa siginecha ya wapampando iwo saikapo nyundo. Apita.

Asodzi m'manja. Avelino anangokhala pa sitepe, kulephera kubweza pensulo kukhutu.

Ndiye tapambana. Tione chimene tapambana. Simenti pansi saloledwa. Maziko ayi. Chimbudzi ayi, m'nyanja sakumba. Shedi ikangotsika pa migolo, X wadzuka. Rahma anandigwira dzanja, kuthokoza, kenaka: "Tinathawa pa miyendo, tafikira pa migolo. Mpaka liti, achemwali?"

Ndinati mpaka mapu atasinthidwa. Sindinamuuze kuti mapu atsopano amavomerezedwa ndi komiti. Sindinamuuzenso kuti wofuna kuwasintha adzayamba wapeza kalata yanga yotsimikiza kuti akalewo ngolondola.

Kamango kanapondedwa ponyamula shedi. Wakamangirira ku kamtengo ndi kansanza.

Lolemba, 2 Novembala

Nkhani ziwiri.

Yoyamba. Che Jaffalie aima pakhomo la ofesi, akumwetulira. Ati amva ndikufuna kusamuka, ndiye alembera akuluakulu kuti khonsolo singathe popanda Abiti Atumani, mwana wanzeru amene amathetsa nkhani popanda kuvutitsa komiti. Amadikira kuti ndithokoze. Ndathokoza.

Yachiwiri. A Bonface abweza pensulo yanga. Yatsala ngati chala chaching'ono. Anaitenga Lachisanu lija ataona fayilo 41 pa ndandanda, poti nyanja ya pa mapu inali itafuwa kwambiri, mwina mamembala akanaiyesa mtunda. Anakhala masana onse akuibwezeretsa. "Zinthu za boma tizisamala, mwanawe."

Choncho, kwa aliyense amene zikumukhudza. Ine mwini dandaulo la pa 5 Okutobala, wakuba wapezeka, ndipo ndikufuna chipukuta misozi motere.

Pensulo ya buluu yathunthu, yosasongoka.

Madzi onse amene anatuluka m'pensulo yangayo, mamita mazana awiri m'litali, kuya kwake kofika m'khosi mwa a insipekitala. Atungidwe ku Shire ndi komiti yonse, pa ndowa, pamutu, a Bonface patsogolo, wapampando pambuyo ndi wotchi yawo, akathiridwe kwa Mponda mpaka zimene ndinasayina zikhale zoona. Kamango kazunguliridwe, kasanyowe mopitirira.

Ndi malo a munthu mmodzi mu MANDIMBA, cha pazenera, pamodzi ndi mpando wanga. M'boma lonse lino n'chokhacho chili ndi chilolezo chonyamuka.