Pa wayilesi mawu anga amayenda, pagulu amakana kutuluka

Aphungu,

Ndine mwamuna wa zaka zopitirira makumi atatu ndipo ndili ndi chibwibwi kuyambira ndili mwana. Kusukulu ankanditcha Jenereta, ati chifukwa ndinkayamba ndakhosomola kaye ndisanalire bwino. Dzinalo linandikanirira mpaka lero.

Ntchito imene ndinaphunzira ndi yokonza zamagetsi. Chaka chatha anandiitana kukakonza mawaya m'kasitudiyo kojambulira mawu, pamwamba pa sitolo ya matayala. Kachipinda kake n'kopanikiza, makoma anamatamo masiponji a matiresi, ndipo akamajambula amazimitsa fani, moti munthu umatuluka thukuta lili kamukamu. Nditamaliza, mkulu wojambula mawu, yemwe aliyense amamutcha Batani, anandipempha kuti ndiime pa maikolofoni ndiwerenge chilichonse, amve ngati phokoso limene mawayawo ankayambitsa latha. Patebulo panali pepala la uthenga wotsatsa penti. Ndinavala mahedifoni n'kuwerenga, ndipo ndinafika kumapeto osakakamira paliponse. Batani anandiyang'ana pagalasi lotilekanitsa, kenako anati, "Bwerezani achimwene, koma pa dzina la pentiyo mumwetulire."

Kuchokera apo ndawerenga mauthenga otsatsa sopo, mabatire, mabasi, ngakhale mankhwala ophera mphemvu. Ndikakhala ndekha m'kachipindako, pepala lili m'manja, mawu amangoyenda. Ndikangotsika masitepe n'kufunsa wamatayala kuti wadzuka bwanji, jenereta uja wayambanso.

Miyezi yapitayi ndinapatsidwa ntchito yaikulu, yofotokozera filimu ya zochitika zenizeni yonena za madalaivala a maambulansi. Ndinaigwira ndi mtima wonse. Pali pena pamene dalaivala wina akufotokoza za mayi amene anabereka ali m'galimoto, mvula ikugwa, tayala litaphulika. Ndinawerenga ndime yotsatira kamodzi kokha, ndipo Batani sanandiuze kuti ndibwereze.

Vuto ndi ili. Mayi amene akutsogolera filimuyo sitinaonanepo maso ndi maso, timangolemberana pa foni. Sabata yatha anandilembera kuti, "Mawu anu ndiwo anyamula filimuyi. Tsiku loionetsa mudzaime kutsogolo, mupereke moni, anthu akuoneni." M'holo yoonetsera filimuyo mudzakhala akuluakulu a makampani amene amatipatsa ntchito zotsatsa malonda. Akadzamva ndikulimbana ndi dzina langa lomwe, adzandipatsanso ntchito? Batani akuti ndisadandaule, akhoza kukaima m'malo mwanga n'kunena kuti ndadwala chimfine.

Palinso nkhani ya bambo anga. Si munthu woipa, koma chikhalire amandimalizira mawu. Ndikangoyamba kukakamira, iwo anena kale zimene akuganiza kuti ndimafuna kunena, ndipo nthawi zambiri amaphonya. Alendo akabwera amati, "Uyu musamuvutitse, salankhula zambiri." Tsiku lina tili pabalaza, uthenga wa mabatire unamveka pa wayilesi. Ndinafuna kuwauza kuti ndine, koma liwu lakuti "ndine" linandikakamira pakamwa. Mchemwali wanga ndiye ananena. Bambo anaseka pang'ono, mosanyoza, nati, "Mumafuna kundisangalatsa ana inu. Ameneyo ndi munthu wa kusukulu zapamwamba." Kenako anakweza wayilesi kuti amve bwino.

Pano mchemwali wangayo wauma mutu, akuti adzabwera nawo bambo ku holoyo. Ndikapita, ndikuopa kuchita manyazi pamaso pa mabwana ndi bambo nthawi imodzi. Ndikapanda kupita, bambo adzapitiriza kukweza wayilesi kumvetsera munthu amene akuganiza kuti samudziwa. Ntchitoyi ndimaikonda, Aphungu, kuposa mawaya. Nditani?

J. M., m'tauni muno


Achimwene a J. M.,

Pitani. Chimfine chimenecho chisiyeni kwa Batani, ndipo mumuthokoze chifukwa akukufunirani zabwino, koma akakuimirirani kamodzi mudzafuna chimfine china pa filimu yotsatira.

Muli ndi mantha kuti mabwana adzatulukira chinsinsi. Chinsinsi chake chiti? Mawu amene ali m'filimuyo ndi anu, simunabwereke. Makampani amagula zimene zimatuluka m'kachipinda kaja, ndipo zimenezo azimva kale n'kuzikonda. Mwina mmodzi kapena awiri adzachita tsinya. Ambiri adzangofuna kudziwa ngati muli ndi mpata sabata yamawa.

Koma musadikire tsikulo kuti mayi wa filimuyo adzadzidzimuke. Muwapemphe mukumane, mukhale pansi, muwauze ndi pakamwa panu, ngakhale zitenge nthawi. Muwauzenso zimene mungakwanitse: moni wachidule wolemba papepala, poti pepala ndi mnzanu. Za mafunso ochokera kwa anthu, mugwirizane nawo kuti mudzayankha ochepa, kapena osayankha n'komwe ulendo uno. Munthu amene watha miyezi akumvetsera madalaivala akufotokoza mavuto awo sangalephere kukumvetserani inu.

Mupemphenso kulowa m'holoyo isanadzaze, muime pamene mudzaime, muyese maikolofoni yake. Mawu amamveka mosiyana m'chipinda chachikulu, ndipo ndi bwino kuti zimenezo mukazidziwe mipando ili yopanda anthu. Chiganizo chanu choyamba chikhale chonena zoona, monga, "Ndili ndi chibwibwi, ndiye mundidikire pang'ono." Mukatero mwadzichotsera katundu wobisa, ndipo anthu amaleka kukuonerani n'kuyamba kukumverani.

Tsopano za bambo, zomwe ndikuona kuti ndizo zikukupwetekani kwambiri. Musawadikiritse mpaka ku holo. Kumeneko kudzakhala phokoso ndi anthu ambiri, si malo oti bambo ndi mwana adziwanepo. Muwatenge sabata ino, mukwere nawo masitepe aja, Batani awakhazike pampando wake n'kuwaveka mahedifoni. Inu mulowe, muwerenge ndime imene mumaikonda, iwo akukuonani pagalasi. Musayembekezere misozi kapena kupepesa. Azibambo ambiri akakhudzidwa amayamba kufunsa za mawaya ndi mabatani. Akatero, dziwani kuti zalowa.

Pobwerera muwapemphe chinthu chimodzi, mwaulemu: "Bambo, ndikakakamira muzindidikira, ndizimaliza ndekha." Ndikukhulupirira kuti anayamba kukumalizirani mawu muli wamng'ono pofuna kukutchinjirizani kwa anthu oseka, ndipo palibe amene anawauza kuti mwakula. Adzaiwala kangapo. Mchemwali wanu, poti ndi wouma mutu, ntchito yowakumbutsa ikhale yake.

Ngati kuchipatala chachikulu kwanuko kuli akatswiri othandiza anthu pa kalankhulidwe, kawaoneni. Sindikukulonjezani kuti chibwibwi chidzatha, koma akhoza kukuphunzitsani kapumidwe ndi njira zodutsira pamene mawu akana.

Ndikuchenjezeni ziwiri. Nkhani yanu ikadziwika, padzapezeka wofuna kukusandutsani chionetsero, kuti anthu azikumverani chisoni pa kanema. Mukafuna kuifotokoza, ifotokozeni mwa kufuna kwanu, pa nthawi yanu, osati chifukwa wina waona kuti igulitsa sopo. Chachiwiri, tsikulo padzapezeka mnzanu wokunong'onezani kuti mumwe kabotolo kamodzi lilime limasuke. Mukane. Lilime lidzamasukadi, koma lidzanena zimene simunalembe.

Mukadzakakamira pa liwu muli kutsogolo, musathawire liwu lina ndipo musayang'ane pansi. Imani pomwepo, pumani, muliyambenso. Anthuwo adzakhala atakhala kale pamipando, ndipo filimu siyamba inu musanamalize.

Aphungu