Kanema Wathunthu wa Appa

Uthamapalayam
11 Ogasiti 2023

Okondedwa achimwene a Mathivanan,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Muscat pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo. Mphepo ya mwezi uno yokha ndiyo yatisowetsa mtendere, ikusasula madenga ndi kugwetsa nthochi m'minda. Mudabwa kuti mlongo wanu waulesi uja walemba kalata chonsecho timayankhulana pafoni Lachisanu lililonse. Pafoni sinditha kunena zonse. Appa, bambo athu, amakhala pompo pakhonde, ndipo makutu awo masiku ano akumva ngakhale nyerere ikudutsa. Ndiye khalani pansi muwerenge, kuno simundidula mawu monga mwa chizolowezi chanu.

Mukukumbukira zimene Appa anapempha pa chikondwerero cha Pongal mu Januwale, adokotala atangotiuza kuti mitsempha ya maso awo ikufa ndipo mankhwala odontheza aja angochedwetsa chabe? Anati akufuna kuonera kanema mmodzi wathunthu, kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, ali chikhalire pampando. Tinaseka tonse, inu pafoni, ine pano. Koma taganizani, achimwene. Munthu amene anathera unyamata wake wonse pa ntchito ya kanema sanaonerepo kanema wathunthu! Filimu imodzi ankagawana maholo atatu, ndipo wothamanga ndi mipukutu yake panjinga yamoto anali Appa. Mpukutu ukatha kuno, kuuponya m'chitini, kumangirira kumbuyo, liwiro ku Cumbum, kusiya, kubwerera kudzatenga wotsatira. Ankaona chidutswa apa, chidutswa apo, ukwati asanaone chibwenzi, maliro asanadziwe kuti wafa ndani.

Inu munati, "Dikira ndibwere pa tchuthi mu Epulo, tipite tonse pagalimoto ku holo yatsopano ya ku Madurai, yozizira ija." Ine ndinavomera msangamsanga, chifukwa inali nyengo yobaya ng'ombe katemera ndipo ndinkabwera kunyumba nditatheratu. Epulo anasanduka Juni, Juni wasanduka Disembala. Sindikukuimbani mlandu nokha ayi. Njinga ndinali nayo, msewu ndi womwewu. Zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo zengerezuyo ndi ife awiri.

Lachiwiri lapitali ndikukonzeka kupita kuntchito, ndinawapeza ataima pakhomo, atavala nsalu yawo yoyera ya m'chiuno ija amasungira maukwati, kathawulo paphewa, tsitsi atapaka mafuta a kokonati mpaka kunyezimira.

"Iwe Thamarai, njinga yakoyo ili ndi mafuta?"

"Mukufuna kupita kuti, Appa?"

"Ku kanema. Msewu wanga wakale."

"Si paja achimwene anati tidikire?"

"Achimwene akowo akudikira ndege, ine ndikudikira mdima. Chifike msanga n'chiti?"

Ndinaimba foni kuofesi kunama kuti ndadwala m'mimba, ndipo ng'ombe za tsiku limenelo zinapumula ku jakisoni. Ndinawakweza kumbuyo n'kuwamangirira m'chiuno mwanga ndi kathawulo kawo komweko, kuopa mphepo.

"Wandimanga ngati chitini cha filimu," anadandaula.

"Chitini sichinkalongolola chonchi."

"Ndiye uziyendetsa chonchi, ngati wanyamula mazira? Ine ndikanayendetsa chotere, anthu a ku Cumbum akanawotcha mipando!"

Ine ndimayenda msewu umenewu tsiku ndi tsiku, ndipo ndinkadziwa kuti holo yatsala imodzi yokha, kumapeto kwenikweni, ku Gudalur. Ndinawauza. Iwo anati ayi, tiziima paliponse pamene ankaima kale, munthu sadutsa pakhomo pa m'bale wake osapereka moni.

Tinayamba ndi holo yathu ija ya Ponmalar. Mukudziwa kuti tsopano amachitiramo maukwati. Tinapeza amangirira nthochi pachipata, ng'oma ndi zitoliro zili pakati, fungo la mpunga wa nyama likufika mpaka kumsewu. Tinaima kutsidya, injini ili chilirire. Achimwene, zonse zinandibwerera! Mchenga uja tinkaunjika kutsogolo kuti tikhalepo tione bwino, wina n'kukukumbira kunsi mpaka kugwa chagada. Kampanda kaja kolekanitsa akazi ndi amuna, Amma, mayi athu, akukupatsirani tokazinga tija ta murukku pamwamba pake, inu n'kudya nokha osagawira anzanu. Nyimbo ya Mulungu ija ankaika pa chimkuzamawu filimu isanayambe, mudzi wonse n'kusiya miphika pamoto. Lero pamene panali chinsalu pali mipando iwiri ya golide wabodza ya mkwati ndi mkwatibwi. Mtima unandiwawa, sindibisa. Appa anangoti, "Bola mukulirabe ng'oma," n'kundigunda pamsana kuti tizipita.

Ku Cumbum, holo ya Thangavel akusungiramo kokonati. Mlonda anatilola kulowa nditamuuza kuti awa ndi a Veeraiyan a mipukutu, ngakhale dzinalo silinamuuze kanthu. Makoko aunjikana mpaka kudenga, mileme ili lende, koma timawindo tija totulukira kuwala tikadalipo pamwamba. Appa anayenda m'mbali mwa khoma akulisisita ndi dzanja, kuchokera pakhomo mpaka pamasitepe amene ankakwera chothamanga. Ine chitsiru ndinati ndi chikondi, akusisita khoma ngati ng'ombe yawo yakale. Sindinaganize china.

Tinafika ku Gudalur dzuwa lili paliwombo. Holo ya Mullai ikadaima, utoto utasupuka, mbuzi zitagona pamasitepe. Pawindo la matikiti panali a Karuppiah, mnzawo wa Appa wakalekale uja wa ndevu zopota, tsopano mano atsala ochitira umboni.

"Aaa! Alamu! Mukadali moyo?" anafuula. "Mwachedwa ndi mpukutu wathu, anthu anatopa kudikira mpaka ena anamwalira!"

"Wamwalira ndani, inu muli pompano mukuba chenji?" anatero Appa.

Anakumbatirana, kutukwanizana pang'ono, kufunsana za anzawo, ambiri yankho lake n'kukhala lakuti anapita. Kenaka a Karuppiah anandikokera pambali. Anati pali lamulo la mwini wake: anthu akapanda kudzaza ngakhale mzere umodzi wa mipando, makina sayatsa, magetsi akwera. Masana a Lachiwiri kawirikawiri amangotseka. Ndinasuzumira mkati. Munali munthu mmodzi yekha, woledzera amene anabwera kudzagona pansi pa chokupizira mphepo.

Achimwene, mukundidziwa ndikapsa mtima. Ndinati ine sindinanamizire m'mimba mwanga pachabe. Ndinasiya Appa pabenchi ndi kapu ya tiyi, n'kutuluka kukasaka anthu mumsewu ngati wogulitsa mankhwala a makoswe.

Woyamba anali mayi Ponnuthai, wogulitsa maluwa pa siteji ya basi, amene ng'ombe yake ndinaithandiza kubereka chaka chatha.

"Akulu, tsekani dengu, tiyeni ku kanema."

"Wapenga? Maluwa anga afote chifukwa cha kanema? Ine ndimaonera pafoni ya mdzukulu wanga."

"Tsiku lija ng'ombe yanu inkafa, ndinakuthandizani pafoni?"

Anandiyang'ana, analavula masamba a tambula amene ankatafuna, n'kufunsa kuti vuto n'chiyani. Nditamuuza za Appa, anatembenukira kwa amayi othyola mphesa amene ankadikira basi. "Inu, basi imeneyo sibwera msanga, mukuidziwa. Dzukani! Awa ndi bambo aja ankatibweretsera filimu tili atsikana. Mvula ikagwa tinkawatukwana kuti achedwa, lero tikawalipire matukwano athu." Anadzuka akuseka. Tinatenganso telala, wometa ndi munthu amene ankamumeta, tsaya limodzi lili ndi thovu. Nditatulutsa kachikwama kuti ndiwagulire matikiti, anandikalipira ngati ndawatukwana. Mzere unadzaza, wachiwiri n'kuyambika.

A Karuppiah anaika nyimbo yakale ija pa chimkuzamawu, ati siinalirepo zaka zambiri. Magetsi anazima. Ndinakhala pambali pa Appa, mtima uli m'malo, ndikudzitama kuti ndakwanitsa zimene inu mwalephera ndi ndalama zanu za ku Muscat. Mundikhululukire, ndi mmene ndinaganizira.

Filimu yake ndi ya masiku ano, ya mnyamata wa kumudzi amene alanda munda wa bambo ake m'manja mwa anthu oipa. Itayenda pang'ono, Appa anadzambatuka pampando n'kuyamba kukunga nsalu yawo m'chiuno.

"Mukupita kuti?"

Anaima kaye, kenaka anaseka. "Thupi ili! Likuti mpukutu watha, ku Cumbum akudikira."

"Khalani pansi, bambo, lero mwapuma!" anakuwa wometa, holo yonse n'kufa ndi phwete.

Ngwazi ya filimuyo itayamba kumenya adani, anthu anaimba malikhweru, Ponnuthai akuponya maluwa ake ofota ku chinsalu. Appa nawonso anaimba likhweru lawo lija la zala ziwiri, koma linabwera mochedwa, ena onse atasiya. Ndinatembenuka kuti ndiwaseke. Achimwene, nkhope yawo sinali ku chinsalu. Mu holo imeneyo sipika ya kumanja inafa kale, ikulira ndi ya kumanzere yokha, ndipo Appa anali atapenyetsetsa kumeneko, kukhoma lopanda kanthu, maso ali tong'o, akumwetulira.

Ndinawagwira chibwano pang'onopang'ono n'kuwatembenuzira kutsogolo. Anagwira dzanja langa n'kulitsitsa, osalisiya.

"Usavutike, mayi wanga," ananong'ona. "Kuli konse n'chimodzimodzi. Tangondiuza, mtsikanayo wavala zotani?"

Ndinati wavala sari wobiriwira, waima pamlatho, kumbuyo kwake kuli minda ya mpunga. Ndinapitiriza choncho, ndikuwanong'oneza chilichonse, misozi ikutsikira m'khosi mwa bulauzi. Poyamba Ponnuthai, amene anakhala kumbuyo kwathu, anandigunda kuti ndikusokosa. Kenaka anazindikira. Anasendeza mutu wake pakati pathu n'kuti, "Si wobiriwira, iwe, ndi wa mtundu wa khosi la pikoko. Ngati ukuwauza, uziwauza zoona." Kuyambira pamenepo tinkathandizana. Pa ndewu ankalongosola ndi wometa, chifukwa ati akazi sitidziwa kusimba nkhonya. Palibe anadandaula, palibenso ananena mawu achisoni. Appa anakhala mpaka mayina onse a kumapeto atatha.

Potuluka a Karuppiah anafunsa, "Nanga alamu, mapeto mwawaona lero?"

"Ndaona zonse," anatero Appa. "Koma chinsalu chanucho chada, muzichapako."

Pobwerera sanadandaule za kayendetsedwe kanga. Titadutsa Cumbum ndinaima pansi pa mtengo wa bwemba ndipo ndinawafunsa kuti zinayamba liti. Anati panja masana amaona zithunzithunzi, kuwala ndi mthunzi, ndipo m'nyumba mwathu miyendo ikudziwa njira yokha, n'chifukwa chake sindinazindikire. Ndinawakakamiza kuti anene nthawi yake.

"Pa Pongal paja nkhope yako ndinkaiona bwinobwino, ndi kachipsera ka pachipumi komwe," anatero. "Kutentha kwa mu Meyi kutafika, basi."

Miyezi yonse imeneyo njinga inali pakhonde, achimwene. Ulendo wake ndi wa theka la tsiku. Ndimadzuka nazo, ndimagona nazo.

"Bwanji simunanene?" ndinawakalipira, poti ndikamva chisoni ndimakalipa.

"Ndinanena kamodzi. Munthu wamkulu sapempha kawiri kwa ana ake." Kenaka anandifinya phewa. "Mathi usamuuze. Ali kutali, angodzizunza. Umuuze kuti ndinaona."

Ndiye ndakuuzani zimene anandiletsa, chifukwa katunduyu sindingasenze ndekha, komanso chifukwa pali chimene ndikukupemphani. Chichokereni ku Gudalur, madzulo aliwonse tikatha kudya amandikhazika pansi kuti ndiwabwerezere filimu ija, osati mawu, amenewo anawasunga kuposa ine, koma zooneka: mtundu wa malaya a ngwazi, kumene kunali dzuwa, nkhope ya mayi wake mwana atabwerera. Akuloweza. Dzulo ndinawamva akuyeserera okha kuseri kwa nyumba, akulakwitsa n'kubwereza. Akukonzekera kudzakusimbirani inu, ngati munthu amene anaona ndi maso ake.

Lachisanu mukaimba foni ayamba. Chonde musawadule, musanene kuti muli pa changu, ndipo akasokoneza mtundu wa chovala musawakonze, ngakhale mutakhala kuti munaionera kale kumeneko. Muziwafunsa mafunso. Za Disembala sindinenanso kanthu, mukudziwa nokha chochita.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndi kwa ana muwauze kuti azakhali awo awasungira uchi wa kuphiri. Alamu anu, bambo a kunyumba kuno, akupereka moni. Appa ndawauza kuti ndikulemba za kuntchito, koma sanapusitsike. Angondiitana pakhonde pompano n'kuti, "Ngati ndi ya Mathi, umulembere kuti asadzavutike ndi galimoto ya ku Madurai. Umuuze kuti bambo ake anaonera kale, wathunthu, ndipo unali wokongola kwambiri."

Ndalemba monga anenera.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Senthamarai