Mabauti Amene Atate Anamanga

Kafue Estates,
Kafue.

Wokondedwa mlongo wanga Davison,

Uli bwanji kumeneko ku Solwezi? Nanga mlamu Fridah ndi ana? Chifuwa chija chinakusiya? Ife kuno tilipo. Amai vuto ndi miyendo yomwe ija, koma akudya bwino. Mvula yayamba kuchepa, koma mtsinje wadzaza kuposa chaka chatha.

Kalatayi ndapatsira ba Lighton, oyendetsa thiraki aja a kutchalitchi kwathu. Pafoni umandiseka ndisanamalize kulankhula, ndiye ndati uwerenge uli chete.

Ba Elisha, anzawo a Atate amene ankaponya nawo maukonde, akudwala kwambiri kumsasa kwawo, kutsidya kwa Chanyanya. Atumiza mawu kuti akufuna kuonana ndi Amai akadali ndi mpweya. Amai avomera. Akuti apita Loweruka likubwerali, ndipo sakwera bwato la munthu wina, koma la amuna awo, ndi injini ya amuna awo. Woyendetsa ndi mng'ono wako Shadreck.

Injini imeneyo ndi imene yandisowetsa mtendere.

Atate atasiya ntchito ya njanji n'kuyamba zausodzi, iwe unali utapita kale kumigodi, ndiye mwina izi sunazione. Chaka chilichonse, boma likatsala pang'ono kulolanso anthu kupha nsomba, ankagoneka injini pathumba, pansi pa mango aja, n'kumasula mwendo wake, mbali ija yolowa m'madzi. Mpaka lero ndikamva fungo la girisi ndimawaona ali chogwada, magalasi atatsikira pamphuno. M'mwendomo ankatulutsamo kampira kakuda ka mapiko, impela, kamene kamakoka madzi a mumtsinje kuti aziziritse injini. Ankakataya n'kuika katsopano.

Tsiku lina ndinawafunsa chifukwa chotayira chinthu chooneka chabwinobwino. Anapinda phiko limodzi n'kundionetsa timing'alu m'tsinde mwake. Anati kampira aka sikadwala ngati munthu kuti ukaone kakutsimphina, kamangofa, ndipo sikafera padoko. Anati kamadyeka ndi mchenga, kamauma injini ikakhalitsa osagwira ntchito, ndipo ukailiza pamtunda popanda madzi, kamapsa usanamalize kupereka moni.

Davison, chimwalirire Atate injini ija yangokhala m'chipinda cha katundu, yofunditsidwa bulangeti. Palibe anaikhudza.

Ndiye Lamlungu lapitali Shadreck anabwera ndi achinyamata a kutchalitchi kwake kuti aipempherere ulendo usanachitike. Anaimangirira pabenchi pabwalo. Amai anapempha kuti angomvako mawu ake. Shadreck anathira mafuta, anakoka chingwe, ndipo inalira. Inalira youma, popanda ngakhale ndowa ya madzi pansi pake. Akuti Amai anatseka maso, misozi ikutsika, n'kunena kuti mawu amenewo ndi amene ankawadikira padoko la Chanyanya. Achinyamata anayambitsa nyimbo.

Ine ndinafika kuchokera kumsika nyimbo ili pakati. Ndili pageti ndinamva kafungo ka mpira wopsa. Ndinakuwa kuti azimitse, ndipo onse anandiyang'ana ngati ndasokoneza maliro.

Lachiwiri Shadreck anakaiyesa pamadzi, ine ndinamutsatira. Ukudziwa kabowo kaja kumbuyo kwa injini, kotulutsa madzi. Atate ankati injini yathanzi imakodza ngati kamnyamata. Iyi imangodontha ngati nkhalamba, kenaka n'kulekeza, kenaka n'kudonthanso. Nditatchera dzanja, madziwo anali otentha. Shadreck anati ndi mavu anamangamo, n'kusomekamo waya. Chimene chinatuluka si dothi la mavu ayi. Ndi tizidutswa takuda, tofewa. Ndakuikira tiwiri mu envulopu muno. Utifinye ndi zala, unditchulire wekha dzina lake.

Shadreck anandiseka. Akuti ba sisi, umakanika mwauphunzira liti, kodi masiku ano pasitolo yanu ya zovala za salaula amaphunzitsanso za mainjini? Akuti injini inapemphereredwa, ndipo mantha sachokera kwa Mulungu. Ndinamuuza kuti Atate ankapemphera kuposa iye ndi kwaya yake yonse, koma sipanala sanaitaye.

Iyeyo ndikanamugonjetsa. Ovuta ndi Amai. Impela yatsopano ndinakagula ku Lusaka, ili m'chikwama mwanga, ndipo makanika wa ku Chanyanya akuti ndi ntchito ya m'mawa umodzi. Koma Amai akana. Akuti bauti lililonse la injini ija analimanga ndi manja a amuna awo, ndipo m'nyumba muno palibenso china chimene chidakali momwe iwo anachisiyira. Zovala tinagawana, njinga inapita kwa amalume. Akuti tiwasiyireko mabautiwo. Ananena motsitsa mawu, akusita chitenge chawo cha ulendo.

Koma mlongo wanga, iwe ukuudziwa mtsinje uno mwezi uno. Madzi aphimba dambo lonse, ukalowa pakati suona mtunda kulikonse. Udzu woyandama umatseka njira kumbuyo kwako. Asodzi amene ndinacheza nawo padoko akuti mvuu zasamukira m'njira momwemo, zina zili ndi ana. Bwato la Atate ndi lolemera, nkhafi yatsala imodzi, ndipo Amai chibadwire sanasambirepo. Injini ikatentha n'kuzima kumeneko, sindikudziwa amene adzawamve.

Injini ija Atate anasiyira iwe. Ine ndikalankhula, Amai amamva mwana wamkazi wamantha. Iwe ukalankhula, amamva mwini wake. Uwaimbire lisanafike Lachisanu. Usawakalipire, ndiponso usawaseke. Ungowakumbutsa kuti manja amene anamanga mabauti aja ndi omwewo amene ankawamasula chaka ndi chaka, ndipo akanakhala moyo, akanawamasula kale.

Ukapanda kuimba, ulendo ulipobe, chifukwa ba Elisha sangadikire, ndipo Amai sindingawasiye okha. Ndidzakwera nawo. Ndidzakhala kumbuyo, pafupi ndi Shadreck, impela yatsopano ili pamiyendo panga m'chikwama, maso anga ali pa kabowo kaja.

Mulungu akusunge pansi pa nthaka kumeneko. Undiperekere moni kwa mlamu, ndipo umuuze Purity kuti agogo ake amufunsa. Foni ya Amai ndaitchaja, ndaiika pafupi ndi mpando wawo.

Ndine mlongo wako,
Eunice