Ingoimikani Foni Pawindo

Okondedwa achemwali,

Muli bwanji kumeneko pamodzi ndi alamu? Nanga mwendo wa amayi uja unaphwa? Ine kuno thupi lili bwino, mtima ndiye uli komweko.

Ntchito ikadali yomwe ija, yokonza zidole zolankhula pamalo pomwe amafufuza mmene anthu amakhalira ndi makina. Musaseke. Ine amene ndinaphunzira pophwasula wailesi ya abambo, lero ndimatsegula mutu wa chidole chodziwa kuyankha munthu. Pali chipinda china, khoma lake limodzi ndi galasi loti ife timaona mkati koma wamkatimo sationa. Amalowetsamo mwana ndi chidole, ofufuza n'kumaonerera. Ine ndimaima pambali ndi sikuludalaiva, kudikira kuti khosi la chidole likauma ndilimasule.

Sabata yatha ndinakangana ndi mkulu wa kafukufukuyu, timawatcha a Magalasi. Anandiuza kuti ndichitchere chidole chisamafunsenso mafunso, chizingokhala pambali pa mwana n'kumadikira. Pakamwa panga mukupadziwa. Ndinawauza kuti chidole chosalankhula n'chitsa, bola tigule dzungu tilijambule maso. Sanakwiye. Anangoti ndichite kaye, ndidzaona ndekha.

Kanalowa kamtsikana kamanyazi, kamsinkhu wa mwana wanga Kachiwala. Kanabwerapo kale, ndipo tsiku limenelo chidole chitakafunsa dzina ndi sukulu, kanakabisala pansi pa tebulo. Ulendo uno chidole chinangoti duu, kumangotembenuza mutu. Mwana uja anayamba kumanga nyumba ndi timatabwa. Patapita nthawi anachionetsa pomwe waika chitseko. Kenako, popanda womufunsa, anachiuza kuti galu wawo anafa ndipo amamusowa. Achemwali, ndinatuluka kukalira kubafa, sikuludalaiva ili m'manja.

Chimene chinandiliza mwachidziwa kale. Lamlungu lililonse mumamukoka Kachiwala pamkono kuti adzalonjere mayi ake pafoni. Inenso ndimamuthira mafunso ngati wapolisi, ngati wadya, ngati wasamba, ngati masamu wakhoza. Iye amangoti eya, eya, uyo wathawa. Ulendo watha ndinamumva akukufunsani chapansipansi ngati mayi a mufoni aja amaliza. Mayi a mufoni! Ine amene ndinamubereka kumbuyo mpaka msana kuwawa. Sindikukuimbani mlandu, mwandilerera bwino. Koma ndikuopa kuti tsiku lomwe ndidzafike pakhomopo, mwana wanga adzandipatsa mpando ngati mlendo n'kupita kukaitana inu.

Pempho langa ndi limodzi. Lamlungu likubwerali musamuitane. Ndikakuimbirani pavidiyo, ingoimikani foni pawindo la chipinda chomwe amaseweretsamo zitsekerero za mabotolo zija, iyang'ane pansi pomwe amakhalapo, inu muzipitiriza zanu. Alamu muwauze asamuseke, ndimawadziwa. Ine kuno ndidzakhala ndikusoka chinachake, pakamwa nditatseka. Akandiyang'ana ndidzangomwetulira. Akapanda kulankhula, tidzayesanso Lamlungu linalo.

Ndikudziwa kuti mwafika pamenepa mukugwa ndi phwete, ati ine kukhala chete. Ndayamba kale kuyeserera, moti dzulo a Magalasi anandifunsa ngati ndikudwala. Amayi ankatiuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ine n'kumawayankha kuti nkhonoyo ndilibe nayo ntchito. Muwauze kuti lero nkhonoyo ndi mdzukulu wawo.

Mundiperekere moni kwa amayi, alamu, amalume ndi azakhali. Kachiwala yekha musamupatse moni wanga. Ndimusungira konkuno mpaka adzandiyambe yekha.

Ndine mng'ono wanu wapakamwa uja,
Mayi a Kachiwala