Duwa la Mailo

Chinyunyu,
14 Okutobala 1994

Okondedwa akulu anga a Nelly,

Ndikhulupirira muli bwino ku Katete. Kuno tili moyo, dzuwa lokha ndilo latikwiyira.

Munafunsa za alamu anu a Levy. Anabwera Loweruka, atavala nsapato zosongoka ngati munga. Ine wopusa ndinapha nkhuku.

Mukumbukira kamtengo kamaluwa kamene anabzala pakhomo asanabwerere ku Lusaka, kumene amasesa bwalo la mzungu? Anandiuza kuti ndizikathirira, kakadzachita maluwa adzabwera kudzakhazikika. M'chilala chija cha chimanga chachikasu, ana ankasamba ndi kapu imodzi, koma kamtengoko kankamwa chidebe chathunthu. Ndinakamangira mpanda, ndinakathira manyowa. Duwa lake lilibenso chachilendo, nlofiirira ngati la nthula zomera kuseri kwa khola. Likagona limasuluka, likagonanso layera mbee. Azungu akuti amalitcha Dzulo-Lero-Mawa.

A Levy atanyambita mafupa a nkhuku yanga, anatulutsa mpeni, nadula tinthambi, natikulunga m'nyuzipepala yonyowa. Ndinafunsa kuti akupita nato kuti.

"Ni za ba bwana," anatero a Levy. "Iwe osavutika, nizabwela mailo."

Akulu anga, m'Chinyanja cha m'tauni mailo ndi mawa, mailo ndi dzulonso. Mwamuna wophunzira mawu otere angakulonjeze mpaka imvi, osanama ngakhale kamodzi.

Ndinawaperekeza kumsewu ngakhale ankakana. Pamthunzi pa ogulitsa nthochi panakhala mkazi wa wigi, khanda kumsana, makutu a khandalo ngati a Levy enieni. Analandira tinthambi tija, nandiyang'ana.

"Ndiye aba ba auntie bosunga maluba?" anafunsa. "Ndine Dolly. Mwasebenza nchito, mayo!"

A Levy anayamba kufuna chinachake m'matumba. Munthu wamkulu ndevu pepeya, kutuluka thukuta pamaso pa ogulitsa nthochi! Sindinalire, sindinatukwane. Ndinangoti, "Muzikathirira, mwana wanga. Kamamwa kwambiri, koma sikabala chodya." Ndinawaonera mpaka minibasi inawanyamula.

Mwamuna ameneyu ndikumunyoza, ndipo ndikulemba kuti mudziwe. Ngakhale mbuzi zathu, zodya sopo ndi mapepala, zinanunkhiza mtengo wake nkuusiya. Ine ndekha ndinachedwa kumva fungo.

Pempho langa ndi ili: uzani atate kuti ndikubwera ndi ana mvula isanagwe, andisungire kamunda ka kudambo. Asavutike kuitana ankhoswe. Kamtengoko ndikasiya pomwepo. Lero m'mawa ndakathiriranso, koma nchifukwa choti madzi anatsala m'chidebe, musaganize zina.

Moni kwa amayi, kwa alamu ndi ana onse. Muwauze kuti ndifika Lachisanu. Lachisanu lenileni, osati mailo.

Ine mng'ono wanu,
Ketrina Mbewe,
dzina la atate anga.