Chigongono cha Yohane

Lamlungu, mwezi wa Okutobala. Kwatentha kwambiri, ndipo mtima wanga sunakhazikike.

Masana ndinamuyesa kaponyedwe ka mpira Yohane, mwana wa mlongo wanga, pabwalo lafumbi kuseri kwa komboni ya Makokoba. Loweruka tikusewera besibo, masewera oponya mpira wina n'kuumenya ndi ndodo, ndi anyamata a kunjanji, ndiye akufuna kuti woyamba kuponya akhale iyeyo. Mpira wake wowongoka ndi woopsa, chikhatho changa chikuyakabe. Wokhota uja anaonera kwa asilikali a ndege umapusitsa womenya, ngakhale nthawi zina umathawira kumbali. Wapang'onopang'ono sanaudziwe, nkhope imamuulula asanaponye.

Zonsezi n'zophunzitsika. Chondidetsa nkhawa ndi chigongono. Titaponya kwa kanthawi ndinamuona akuchisisita mobisa.

"Chikuwawa?" ndinamufunsa.

"Ayi amalume, ndikungopukuta thukuta."

Ananama. Mkono womwewo ndi umene umanyamula matumba kusiteshoni n'kudyetsa mayi ake kumudzi. Ukathyoka, mlongo wanga ndidzamulembera chiyani?

Monga mphunzitsi wa timu, ndinamuuza kuti Loweruka ayamba kuponya wina, iye adzalowa kumapeto. Anayang'ana pansi n'kungoti, "Yebo," m'malo mwa "Inde, amalume." Chifikireni kuno mwana ameneyu anali asanandiyankhepo m'Chindebele. Mawa kaya andipatsa moni...